Simoni ku Rosebank, Simoni ku Mua

Pamsika wa ziboliboli ku Rosebank, kuno ku Johannesburg, ndinaona chigoba chofiira chitapachikidwa pakati pa njovu ndi mvuu zosema. Pakapepala kake anangolembapo mtengo. Ine ndinamuzindikira: anali Simoni, gule wonyogodola mzungu wopsa ndi dzuwa. Nditafika kunyumba ndinatsegulanso buku la Bambo Claude Boucher, When Animals Sing and Spirits Dance, limene linatuluka mu 2012.

Bukuli linabadwira ku Mua, m'tsinde mwa mapiri a Dedza. Ansembe a White Fathers anafikako mu 1902, ndipo kwa zaka zambiri ankalimbana ndi nyau poti nzachikunja. Mu 1976 Boucher, wansembe wa gulu lomwelo wochokera ku Canada, anayambitsa Kungoni, malo ophunzitsirako luso losema. Lero nyumba ya Chamare ikusunga zigoba mazanamazana. Mlendo anadzadi ndi kalumo kakuthwa.

Ntchito yake njotamandika. Chimene msika umalanda gule, bukuli limam'bwezera: dzina, nyimbo, kavinidwe ndi mwambo umene amalangiza pabwalo. Simoni wa m'bukumu ali ndi pakamwa. Wa ku Rosebank ndi mtengo wopakidwa utoto basi.

Komabe, monga womasulira, ndimapunthwa pamutu pomwe pa bukuli. Mawu a Chingerezi amene ali pachikuto amatanthauza nyama, pomwe ife timati chilombo. Nyama timasaka n'kudya. Chilombo chimatuluka kudambwe, ana n'kubalalika, akulu n'kupereka ulemu. Mantha amenewo satha kuwoloka nawo Chingerezi.

Nkhani ina ndi ya owerenga. Matanthauzo onse afotokozedwa m'Chingerezi, kotero mlendo wa ku London akumva za Kasiyamaliro mosavuta kuposa mdzukulu wa gogo amene ankaimba nyimbozo ku Mtakataka. Ena anganene kuti Chingerezicho ndi mpanda woteteza zinsinsi kwa osameta. Koma ndi mpanda wanji wotsekera eni mudzi, alendo n'kumalowa?

UNESCO inalemekeza Gule Wamkulu mu 2005, ndipo dziko lonse likutha kuwerenga za iye. Chatsala ndi buku lotere m'Chichewa, loti akuluakulu a kudambwe asankhe okha choti chinenedwe ndi choti chikhale chinsinsi. Ndikanakonda kukhala mmodzi mwa olimasulira, iwo atandilola.