Dzina la Nyimbo si Nyimbo Yonse

Loweruka lina titatsiriza kuyeseza kwaya, m'bale wina anatsegula nyimbo pa foni yake. Inali "Losing My Religion" ya gulu la ku America, R.E.M. Mkangano unabuka pomwepo. Mlongo wina anati, "Zimitsani! Dzina lokha lanena kale kuti munthu wataya cipembedzo. Izi n'za Satana." Mwini foni anayankha monyada kuti amaikondera comweco, pakuti woimbayo sanaope kunyoza mpingo. Nditafunsa amene anamvetsera mau ake kufikira kumapeto, onse anangoyang'ana pansi.

Abale anga, onse awiri analakwa, ndipo analakwa mofanana.

R.E.M. inayamba mu 1980 m'tauni ya Athens ku Georgia, kum'mwera kwa United States, ndipo inatha mu 2011. Inali limodzi la magulu oyamba a "alternative rock", nyimbo za magitala zimene zinakulira pa mawailesi a m'makoleji zisanafike pa mawailesi akulu. Nyimboyi inatuluka mu 1991 pa cimbale ca Out of Time, ndipo mu 1992 inapata mphoto ziwiri za Grammy. Kwao kum'mwerako, mau a dzina lakeli ndi cining'a. Atanthauza kuti munthu zamukwana, cipiriro camuthera. Ife tikati "ndafa ndi njala", kodi alipo amene amathamangira kukakumba manda? Woimba wake, Michael Stipe, anafotokoza yekha kuti nyimboyi ikamba za munthu wokonda mnzake amene sabweza cikondico.

Tikaimva tero, ubwino wake uoneka. Peter Buck anapeka maimbidwe ake pamene anali kuphunzira kuliza mandolini, kagitala kakang'ono ka mau okwera. Kamangobwereza malo amodzimodzi, monga maganizo amene amakana kuti munthu agone. Stipe sakuwa ai. Aimba ngati munthu wocita manyazi ndi zimene waulula. Aliyense amene anakondapo mwakacetecete adzazindikira ululu umenewu. Apa nyimboyi inena zoona.

Koma ndiri nayo mlandu. Munthu wa m'nyimboyi waika moyo wake wonse pa munthu mnzake, ndipo nyimbo ikutha iye akali m'dzenje lomwelo, wopanda potulukira. Ngati pali nkhani ya cikhulupiriro, ndi imeneyi, osati dzina lija: kusandutsa cibwenzi kukhala fano. Kanema wakenso, wopangidwa ndi Tarsem Singh, wadzaza ndi anthu a mapiko ngati angelo ndi zithunzi zofanana ndi za oyera mtima akale. MTV inamusankha kukhala kanema wopambana wa 1991, koma kwa ine zinthu zopatulika anazitenga ngati zokongoletsera cabe. Makolo amene amaipidwa naye ali ndi mfundo.

Tsono tiponye gulu lonse pamoto? Kumbukirani kuti anthu omwewa mu 1992 anatulutsa "Everybody Hurts", nyimbo yolimbikitsa acinyamata ofuna kudzipha kuti apirire ndi kufunafuna anzao. Sikamba za Yesu, ndipo citonthozo cake n'cosakwanira. Komabe ndani mwa ife angatsutse mau oletsa mwana wa munthu kudzimangirira?

Cimene cindidetsa nkhawa si gitala, koma ulesi wathu poweruza. Lero tinamizira nyimbo, mawa tidzanamizira mlongo wa m'gulu lathu cifukwa ca zongomva. Werengani Miyambo 18:13 muone dzina limene Mau a Mulungu apatsa munthu woyankha asanamvetse. Werenganinso 1 Atesalonika 5:21.

Pa msonkhano wanu wotsatira, sankhani nyimbo imodzi imene mumakangana nayo. Imvereni yonse, mufufuze tanthauzo la mau ake, ndipo mufunsane: ikamba ciani? Inena zoona za moyo wa munthu? Imusiya pati womvera? Mukatero, ikaneni kapena ilandireni. Kuona maso a nkhono n'kudekha.