Mpeni, Chiwaya ndi Ngodya ya Msewu

Dzuwa likalowa mu mzinda wa Los Angeles, pamphambano ya misewu ya La Brea ndi Venice, pabwalo la malo omwetsera mafuta, pamaima galimoto ya Leo's Tacos. Anthu amene amandanda pamenepo maso awo amakhala pa bambo amene waima pambali pa galimotoyo atagwira mpeni wautali. Kutsogolo kwake kuli chitsulo choimika njo, ndipo pachitsulopo pasanjidwa nyama ya nkhumba yofiira psu, yotambalala kumtunda n'kumawonda kumunsi ngati nguli. Kuseri kwa nyamayo moto wa gasi ukulilima, ndipo pamwamba penipeni pabayidwa chinanazi chosenda. Mulu wa nyamawo amautchula kuti trompo, mwini mpeniyo ndi taquero, ndipo chimene anthu akudikira ndi taco ya al pastor.

Kudzanja lamanzere amakhala atafumbata tortilla, kamkate kachimanga kopyapyala, kozungulira, kokwana pachikhatho. Mpeni umatsika ndi nyamayo mosenga, tizidutswa n'kumagwera pa tortilla ija. Kenaka mpeniwo umakwera, umagwaza chinanazi kamodzi kokha, kachidutswa n'kuuluka, dzanja lamanzere n'kukawakha. Zonsezi zimatha wogula asanamalize kupisa m'thumba. Ongoonerera amatengeka ndi chinanazi choulukacho, koma luso lenileni lagona pa kuzama kwa mpeni. Nyama yakupsa ndi ya pamwamba pokha, imene yayang'anizana ndi moto. Akalowetsa mpeni kwambiri, wapatsa munthu nyama yaiwisi. Akachedwa pang'ono, yapserera n'kuyamba kuwawa. Choncho amasenga mbali imodzi n'kutembenuza chitsulocho kuti poyera paja pakakumane ndi moto, ndipo akamazungulira kufika pomwe anayambira amapeza papsanso. Mzere ukatalika amakweza moto, ukafupika amautsitsa. Diso lina lili pa mtundu wa nyama, lina likuwerenga mitu ya anthu. Posengapo amasamalanso maonekedwe a muluwo, chifukwa ukakumbika mbali imodzi, mbali imeneyo imatalikirana ndi moto, ndipo mafuta otsika kuchokera kumtunda sayendereranso pa nyama yonse.

Ntchito imene makasitomala amaiona usikuyi imakhala itayamba dzuwa lili paliwombo, mwinanso dzulo lake. Nyama imadulidwa mopyapyala ndi motambalala, n'kuviikidwa kwa maola ambiri mu msuzi wa tsabola wouma wa guajillo, viniga, adyo ndi achiote, njere zimene zimaipatsa kufiira kuja. Ikalowerera, taquero amabaya chidutswa chimodzichimodzi pachitsulo, chamnofu apa, chamafuta apo, akutsendera ndi manja kuti pasatsale mpata. Mpata ukatsala, muluwo umadzagumuka anthu akuona. Kukula kwa trompo nako kumafuna mutu. Nyama ikangoonana ndi moto iyenera kutha usiku womwewo, motero wosanjayo ayenera kudziwa kuti Lachiwiri si Loweruka, kuti mvula imabalalitsa mzere, kuti anthu akangolandira malipiro saumira. Akasanja yaing'ono abweza anthu ndi njala. Akasanja yaikulu, phindu lonse lithera m'bini.

Kawotchedwe kameneka kanayenda mtunda. Anthu a ku Lebanon ndi madera oyandikana nako amene anasamukira ku Mexico kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 anafika ndi shawarma, nyama ya nkhosa yowotchera pachitsulo choimika. Cha m'ma 1930, mu mzinda wa Puebla, ankaigulitsa ataikulunga mu buledi wawo watirigu. Pang'onopang'ono nkhumba inalowa m'malo mwa nkhosa, tortilla m'malo mwa buledi, ndipo ku Mexico City anawonjezerapo tsabola wofiira ndi chinanazi. Amene anawoloka malire kupita ku California ananyamula lusoli m'manja mwawo.

M'kati mwa galimotomo muli luso lina, logwira ntchito pamalo opanikiza. Khitchini yonse ndi kanjira kamodzi koti anthu awiri sangadutsane osakhulana mapewa. Mbali ina kuli chiwaya chachikulu chathyathyathya, mphika wa mafuta ndi mbaula. Mbali inayo kuli firiji, masinki ndi zenera loperekera chakudya. Palinso mathanki awiri, la madzi abwino ndi la madzi otsukira. Anthu atatu kapena anayi amagwira ntchito mmenemo popanda woyendayenda. Aliyense amaima pake n'kumangotembenuka, chifukwa chilichonse chimene akufuna chili pomwe mkono wake ungafike. Chiwaya chimaoneka chimodzi, koma wophika amachigawa patatu. Pakati, potentha kwambiri, mpowotchera nyama ya ng'ombe ya carne asada. Cham'mbali mpomalizira kupsa. Kungodya, kofunda chabe, n'kodikirira nyama yoduladula kale. Tortilla amazikhudzitsa kaye pa mafuta a nyama asanazifunditse, kuti zifewe ndi kutenga fungo, ndipo kawirikawiri taco iliyonse imalandira ziwiri, kuti ina ikanyowa ndi msuzi n'kung'ambika, inzake igwire.

Tortilla yokhayo ndi nzeru yakalekale. Anthu a ku Mexico, kwawo kwa chimanga, anatulukira zaka masauzande zapitazo kuti chimanga chikaphikidwa m'madzi a laimu kapena a phulusa, gaga amasupuka, chikapereredwa chimagwirana n'kumapindika osathyoka, ndipo thupi limatha kutengamo vitamini ya niacin imene imateteza ku nthenda ya pellagra. Kwa wophika wopanda malo otsukira mulu wa mbale ndi masipuni, chakudya chodzinyamula chokha chotere n'chamtengo wapatali. Anyezi, masamba a cilantro, mandimu ndi misuzi ya salsa ya ukali wosiyanasiyana nthawi zambiri amaziika panja, pashelefu ya galimoto, kuti kasitomala amalize yekha kukonza taco yake. Potero wophika wapeza manja ena aulere, ndipo amene tsabola wamuchulukira alibe womudandaulira.

Kuchepa kwa malo kumaphunzitsanso kukana. Lesitilanti ikhoza kulemba zakudya makumimakumi pa menyu, koma galimoto ikatero yadzipha yokha. Raul Ortega, wa ku San Juan de los Lagos m'chigawo cha Jalisco, wakhala akuimika galimoto yake ya Mariscos Jalisco pa msewu wa Olympic ku Boyle Heights kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo dzina lake linamveka ndi chinthu chimodzi: tortilla yoikamo tinkhanu ta m'nyanja ya mchere, yopinda pakati, yokazinga m'mafuta mpaka m'mphepete mutada, kenaka yothira msuzi wozizira wa matimati ndi tizidutswa ta peyala pamwamba. Kunja kumathetheka pa mano, m'kati n'mofewa, ndipo kuzizira kwa msuzi kumakumana ndi kutentha kwa mafuta pakamwa pomwepo. Chakudya chotere sichidikira munthu. Msuzi ukangolowerera, tortilla yalefuka, kukoma kwathawa. N'chifukwa chake chimafuna kudyedwa pomwe chakazingidwira, munthu ali chiimire m'mbali mwa msewu. Jonathan Gold, amene mu 2007 anakhala mtolankhani woyamba wolemba za zakudya kulandira mphoto ya Pulitzer, ankaika galimoto imeneyi pa mndandanda umodzi ndi malesitilanti apamwamba a mu Los Angeles.

Pamwamba pa mpeni ndi chiwaya pali kudziwa malo ndi nthawi. Mu 1974 Raul Martinez anatenga galimoto yakale yogulitsira ayisikilimu, n'kuisandutsa khitchini, n'kukaiimika usiku pafupi ndi bala ina ku East Los Angeles. Anali ataona bwino kuti otuluka m'bala amatuluka ndi njala. Magalimoto ena, a loncheras, ankalondola amisiri omanga nyumba ndi antchito a m'mafakitale nthawi ya nkhomaliro. Mu Novembala 2008, chuma cha America chitagwa, Roy Choi, Mark Manguera ndi Caroline Shin anayambitsa Kogi, galimoto ya taco za nyama yanthiti yokometsera mwa Chikoreya, n'kumalengeza pa Twitter komwe akaime usiku umenewo. Anthu ankayamba kundanda galimoto isanatulukire. Mu 2010 magazini ya Food & Wine inaika Choi m'gulu la ophika atsopano opambana a chakacho. Komabe ma taquero ambiri sayendayenda ngati Kogi. Chuma chawo ndi ngodya imodzi ya msewu, imene aipalira kwa zaka zambiri mpaka anthu kumailondolerana ngati adiresi.

Pangodya pomwepo mpamene lusoli limagundana ndi malamulo. Eni malesitilanti a pakati pa tauni ali ndi dandaulo lomveka. Iwo amalipira lendi yokwera chaka chonse, amasamala zimbudzi, amatsegula ndi masiku opanda malonda omwe, pamene galimoto imangofika pa ola la nkhomaliro, kutenga zonona, n'kuchoka. Ena amadandaula za utsi, zinyalala, phokoso la jenereta ndi malo oimika magalimoto. Mu Epulo 2008 akuluakulu a Los Angeles County anakhwimitsa lamulo m'madera amene amawalamulira okha, monga East Los Angeles: galimoto yogulitsa chakudya ikaima pamalo amodzi kupitirira ola limodzi, mwini wake akanatha kulipira chindapusa chofika madola 1,000 kapena kukakhala kundende mpaka miyezi 6. Kwa munthu wa muofesi ola limodzi ndi nthawi yaitali. Kwa wophika, ola limenelo limathera kuyatsa moto, kudikira chiwaya kuti chitenthe, kudikira trompo kuti ipse pamwamba. Mzere ukamayamba kukhazikika, nthawi yakwana, ndipo mphika wa mafuta owira uyenera kuyendetsedwa pamsewu. Eni magalimoto anapanga bungwe lawo, Asociación de Loncheros, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho woweruza milandu anathetsa lamulolo.

Ku Chicago zinatha mwina. Mu 2012 khonsolo ya mzindawo inalola koyamba kuti chakudya chiziphikidwa m'galimoto momwemo, koma inaletsa kuima pamtunda wosakwana mafiti 200, pafupifupi mamita 61, kuchokera pakhomo la malo alionse ogulitsa chakudya. Inalamulanso kuti galimoto iliyonse ikhale ndi GPS yoilondolera ndipo isapitirire maola awiri pamalo amodzi. Pakati pa tauni, ku Loop, kumene malo odyera ali pa msewu uliwonse, mpata wotsala unali wochepa zedi. Laura Pekarik, wogulitsa makeke m'galimoto, anakasuma, koma mu Meyi 2019 khoti lalikulu la Illinois, chigawo chimene muli Chicago, linagamula kuti mzinda uli ndi ufulu woteteza malesitilanti ake. Chochititsa chidwi n'chakuti California nayo ili ndi mafiti 200 ake. Kumeneko galimoto yoima pamalo kupitirira ola limodzi iyenera kukhala pamtunda wosapitirira mafiti 200 kuchokera pa chimbudzi ndi posamba m'manja pa antchito ake. Iyeneranso kubwerera tsiku lililonse la ntchito kumalo ovomerezeka kumene imatsukidwa, kutaya madzi otsukira ndi kutunga abwino. Ndipo mu 2010 Los Angeles County inalamula kuti magalimoto azipachika chilembo cha oyendera zaumoyo, A, B kapena C, monga amachitira malesitilanti.

Muyeso wa mafiti 200 ndi umodzi, koma wina ukuteteza wakudya, wina ukuteteza wopikisana naye malonda. Malamulo a California amafunsa zimene taquero wabwino amadzifunsa kale: nyama yagona pozizira? Manja ndi oyera? Madzi otsukira apita kuti? Wophika waluso saopa mafunso otere, ndipo amamuthandiza kusiyana ndi wachinyengo. Lamulo la Chicago silifunsa kanthu za chakudya, limangofunsa kuti wayandikira khomo la yani. Madandaulo enawo ali ndi mankhwala ake: galimoto ilipire malo amene yaimapo, ibwere ndi bini, isese isanachoke, jenereta yake isasokose kupyola muyeso. Walira mvula walira matope; mzinda wofuna kuti pakati pa tauni padzaze anthu masana ndi usiku uvomere mzere wa m'mbali mwa msewu ndi fungo la nyama yowotcha.

Palinso china chimene makhonsolo amaiwala akamawerenga za lendi ndi misonkho. Raul Martinez atagulitsa m'galimoto ya ayisikilimu ija miyezi 6 yokha, anatsegula malo odyera otchedwa King Taco ku Cypress Park, ndipo King Taco inakula mpaka kukhala ndi nthambi pafupifupi 20. Roy Choi naye anatsegula lesitilanti yake ya Chego mu 2010, pasanathe zaka ziwiri chiyambireni Kogi. Galimoto ndi kumene wophika wopanda mpamba waukulu amanolera dzanja lake, kuyesa chakudya chake pa anthu olipira ndi kusonkhanitsa makasitomala omudziwa. Mzinda ukamupirikitsa pofuna kuteteza lesitilanti, wapirikitsa munthu amene chaka chamawa akanadzachita lendi sitolo yotseka ya pamsewu womwewo.