Mawu Akuti "Kuchotsa" Atimeza Olemba

Mnyamata wina anandipatsa nthano yake kuti ndiione asanaitumize kwa osindikiza mabuku. Nthanoyo inali yokoma ndithu, koma m'masamba 12 okha ndinapezamo mawu akuti "kuchotsa" kokwana 23. Mayi wa m'nthanomo anachotsa mphika pamoto, anachotsa ufa padzuwa, anachotsa mphasa pakhonde, anachotsa chimanga pachitsononkho, kenaka n'kupita kumunda kukachotsa udzu. Nditamufunsa mnyamatayo, anandiyankha kuti, "Achikulire, bola anthu akumva." Paja akuluakulu amati wakutsina khutu ndi mnansi, choncho ndalemba izi kuti ndimutsine iyeyo pamodzi ndi ife tonse amene timagwira cholembera.

Mayi wa kumudzi sachotsa mphika pamoto, amaphula. Ufa amayanula, mphasa amayalula, chimanga amatonola. Akachithira mumtondo amakonola, ndipo gaga amamupeta ndi lichero. Kumunda nako, amasosa mvula isanagwe, amapalira mbewu zikamera, amazula kaufiti, ndipo njira yopita kumanda amailambula. Panyumba amasesa bwalo, n'kuwola zinyalala kukazitaya kudzala. Pansi pa simenti amakolopa, koma pansi pa dothi amazira. Liwu lililonse mwa amenewa limatiuza nyengo, chida chimene munthu wagwira, ngakhalenso mtundu wa nyumba imene akukhala. Wolemba akanena kuti mayi akuzira, wowerenga wadziwa kale kuti banjalo lilibe ndalama za simenti, popanda chiganizo china chofotokoza umphawi wawo.

Ndikuganiza kuti vutoli likuchokera pakuti ambiri mwa ife timayamba taganiza m'Chingerezi, kenaka n'kufunafuna liwu limodzi la Chichewa loti lilowe m'malo mwake. Liwu limene limabwera msanga ndi "kuchotsa", ndipo ena onse aja amatsalira kumudzi ndi agogo. Komatu Mtanthauziramawu wa Chinyanja unatuluka m'chaka cha 2000, ndipo azakhali athu amene amapeta ndi kuzira akadalipo oti tingawafunse.

Wina anganene kuti iyi ndi nkhani ya aphunzitsi a galamala chabe. Ine ndikukana, chifukwa mawu okonza ndi kuyeretsawa akagwiritsidwa ntchito pa anthu amaweruza mlandu mwakachetechete. Chimene timasesa ndi chinyalala, ndipo chimene timapalira ndi udzu wosafunika. M'chaka cha 2005 boma la Zimbabwe linagwetsa nyumba ndi misika ya anthu osauka m'mizinda pa ntchito imene linaitcha Murambatsvina, dzina la Chishona lonena za kukana uve. Lipoti la bungwe la United Nations, limene analemba mayi Anna Tibaijuka, linati anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala kapena njira yopezera ndalama. Kuno kwathu, m'chaka cha 2006, ochita malonda anachotsedwa m'misewu ya m'mizinda pa ntchito yotchedwa Dongosolo. Sindikunena kuti ntchito ziwirizi zinali zofanana kukula kwake. Ndikungoti wolemba amene anganene kuti mavenda "anasesedwa" mumzinda watenga kale mbali, ngakhale iye mwini asakudziwa. Akanena kuti "anasamutsidwa", tiyenera kumufunsa kumene anapita. Akanena kuti "anathamangitsidwa", atiuze amene anagwira chibonga.

Chitsanzo chowawa kwambiri ndi cha "kusasa fumbi". Mawuwa amamveka ngati ntchito yaing'ono ya m'mawa, yokuntha chitenje pakhomo. Chikhalirecho m'madera ena akhala akutanthauza kukakamiza mtsikana wongotuluka kuchinamwali kuti agone ndi mwamuna. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 linaletsa miyambo yoika miyoyo pachiswe, ndipo m'chaka cha 2016 khoti linalamula Eric Aniva wa ku Nsanje kukakhala kundende zaka ziwiri pansi pa lamulo lomwelo. Kwa zaka zambiri liwu lofewa linaphimba ntchito yoipa, ndipo anthu ankalitchula opanda kugwidwa nthumanzi. Wolemba nthano amene angalembe mawuwa n'kungopitirira, osaonetsa chimene chachitikira mwanayo, wathandiza nawo kuphimbako.

Choncho pempho langa kwa olemba anzanga ndi lakuti mukamaliza kulemba, bwererani pa "kuchotsa" aliyense ndipo mudzifunse kuti chachoka n'chiyani, chachoka ndi chida chanji, ndipo chapita kuti. Ngati ndi mphika, uphuleni. Ngati ndi munthu, lembani chimene chinamuchitikira m'dzina lake lenileni.

Mnyamata uja anabweranso patatha sabata ziwiri. "Kuchotsa" anatsalamo 4 okha, ndipo anandiuza kuti mawu enawo anakawatenga kwa amayi ake ku Dedza, amene anamuseka kwambiri atamva kuti mwana wawo wophunzira sankadziwa kusiyana kwa kutonola ndi kukonola.