Funso Limene Ndinalephera Kuyankha pa Wailesi

Tsiku lina ndili pa pulogalamu, bambo ena anaimba foni n'kufunsa kuti: "Ife timalima mbatata ya kacewere imene imadyetsa anthu mpaka ku Tete, nanga bwanji wokhala mu ofesi ndiye amene timamuvulira cipewa?" Ndinangowayankha kuti ndi mmene dziko liliri, kenaka n'kuika nyimbo. Yankho limenelo limandicititsabe manyazi.

Pambuyo pake ndinapeza kuti akatswiri awiri a ku America, Kingsley Davis ndi Wilbert Moore, analemba yankho lofanana ndi langalo mu 1945, kungoti lawo ndi lokonzedwa bwino. Ganizo lawo pa Cipwitikizi amati funcionalismo. Iwo amati kulibe mtundu wa anthu wopanda apamwamba ndi apansi, ndipo kusiyanako kuli ndi nchito yake. Maudindo ena ndi ofunika kwambiri, amafuna luso ndi zaka zambiri za maphunziro, ndipo amene angawakwanitse ndi ocepa. Kuti ocepawo avomere kuvutika, pamafunika kuwanyengerera ndi ndalama komanso ulemu.

Sindingakane kuti muli coonadi. Namwino amene waphunzira zaka zingapo sangakhalitse pa kacipatala ka kumudzi ngati palibe malipiro ndi nyumba yabwino, ndipo akacoka tonse timaona mavuto ake. Akatswiriwa ananenanso kuti nchito yofunika imene anthu ambiri angaigwire siifuna mphoto yaikulu. Ndiye yankho lawo kwa bambo aja ndi lakuti alimi mulipo ambiri.

Apa ndi pamene ndimasiyana nawo. Mu 1953 katswiri wina, Melvin Tumin, anawafunsa kuti: tingadziwe bwanji kuti aluso ndi ocepa pamene ana ambiri sanapatsidwe mwayi woonetsa luso lawo? Funsoli ife tilimva msanga. Nthawi ya Apwitikizi lamulo linkasiyanitsa indígena ndi assimilado mpaka mu 1961. Makolo athu ambiri ankapita ku cibalo, osati kusukulu, ndipo pofika 1975, mwa anthu 10 aliwonse pafupifupi 9 sankadziwa kuwerenga. Kodi onsewo anabadwa opanda nzeru? Madokotala anali ocepa cifukwa wina anatseka citseko. Davis ndi Moore akanabwera kuno nthawi imeneyo, akanawerenga anthu ocepa amene analowa n'kunena kuti aluso ndi omwewo.

Citsekoco lero cinatseguka, koma osati conse. Mwana wa kumalire kuno amakula ndi Cinyanja, n'kukakumana ndi Cipwitikizi m'kalasi. Maphunziro a zilankhulo ziwiri anayamba mu 2003, koma sanafike sukulu iliyonse. Akapambana ku pulayimale, sekondale ili kutali, afunika kacipinda ka lendi ku Ulongwe. Ine ndinamaliza cifukwa amalume anali ndi nyumba pafupi ndi sukulu. Mnzanga amene ankandiposa masamu akuweta ng'ombe.

Ndiponso kuvutika kwa wophunzira kumene akatswiriwa amati kuyenera mphoto, amavutika ndani kwenikweni? Kwathu kuno ndi mayi amene amagulitsa cimanga ca m'nkhokwe kuti mwana agule makope.

Cina cimene ganizoli silinena ndi amene amayeza kufunika kwa nchito. Wogula mbewu amene amabwera ndi sikelo yake nthawi yokolola amapeza zoposa wolima. Sikuti iye ndi wofunika kuposa mlimi, koma ali ndi galimoto ndi ndalama m'manja, pamene mlimi ali ndi ngongole ya feteleza. Funcionalismo imatithandiza kumvetsa malipiro a namwino, koma ikafika pa sikelo imeneyi imangoti zii.

Bambo aja sanaimbenso, ndipo nambala yawo sindinaisunge.