Mvula yoti kakasi: buku la Mia Couto m'kalasi ya zinenero ziwiri

Buku la Mia Couto lochedwa A Chuva Pasmada linatuluka m'caka ca 2004, ndipo zithunzi zake anajambula ndi Danuta Wojciechowska. Ndi lalifupi, loti mphunzitsi angalimalize madzulo amodzi. Mutu wake m'Cinyanja ungamveke kuti mvula yoti kakasi: mvula yabwera ndithu, koma madontho ake angolenjekeka m'malere osafika pansi. Mtsinje ukuphwa, nthaka ikuuma, anthu maso ali kumwamba.

Wofotokoza nkhaniyi ndi mnyamata amene makolo ake amamunena kuti nayenso ndi wongoti kakasi. Couto, amene anabadwira ku Beira mu 1955, anaphunzira sayansi ya zamoyo, koma m'bukuli sakulalikira za kusamala cilengedwe. Wangotenga cilala n'kucilowetsa m'nyumba imodzi. Agogo aamuna akuwonda pamodzi ndi mtsinje, mpaka abale awo akuwamangirira kumpando poopa kuti mphepo ingawauluze. Agogo omwewo ndiwo akusunga nthano ya Ntoweni, mayi wamakedzana amene anabweretsa mtsinjewo. Apa ndi pamene bukuli lili ndi mphamvu. Mtsinje ndi mbale wa banjali, uli ndi mbiri monga munthu, ndipo ukadwala, okalamba amadwala nawo. Mwana wa ku Angónia kapena ku Lago safunika kumasuliridwa zimenezi. Anamvapo kale kwa agogo ake za nsembe zopempha mvula ndi za mitengo ya kumanda imene nkhwangwa siigunda.

Pofooka pali pa fakitale. Anthu a m'nkhaniyi akuganiza kuti utsi wa fakitale yatsopano ndiwo wagwira mvula, ndipo mayi a mnyamatayo akupita kukadandaula kumeneko. Wowerenga wa ku Moatize, kumene fumbi la malasha silisowa, angavomere msanga. Koma mlandu ukagwera mlendo yekha, mudzi umatsala woyera. Mwana amene atate ake amaocha makala, kapena amadula milimo ya cigafa ca fodya, kapena amayatsa chire posaka mbewa, angatseke bukuli osadzifunsa kanthu. Sikuti Couto analakwa polemba motero. Nkhani siiyenera kusenza katundu yense. Mphunzitsi ndiye ayenera kudziwa kuti funso limeneli bukuli silimufunsira, ndipo akalifunsa m'kalasi asaiwale kuti makalawo ndiwo agula kope limene mwanayo akulembamo.

Vuto lalikulu ndi cinenero. Couto amaseweretsa Cipwitikizi, amapinda mawu ndi kupeka ena atsopano. Wamkulu amasangalala nazo. Mwana amene wangoyamba kuphunzira m'Cipwitikizi sangadziwe kuti liwu ili ndi la m'dikishonale, ili ndi lopeka. Kumupatsa bukuli kuti aliwerenge yekha ndi kumutaya m'chire. Njira yabwino ndi yoti mphunzitsi asimbe nkhani yonse m'Cinyanja monga nthano, kenaka awerenge ndime ziwiri kapena zitatu zosankhidwa m'Cipwitikizi.

Ndipo akatero adzaona cinthu cimene bukuli silingamupatse. Mvula ya Couto ndi imodzi, pamene ya m'Cinyanja ili ndi maina. Pali cizimalupsa, yoyamba ija imene imazimitsa phulusa la chire lopsa, ndipo mlimi wanzeru sathamangira kubzala nayo. Pali mvumbi, wogwa masiku angapo osakata. Pali ciperoni, mvula yowaza ya nyengo yozizira, imene dzina lake linacokera ku phiri la Chiperone m'cigawo ca Zambézia. A ku Malawi amalichula caka ndi caka, ambiri osadziwa kuti akuchula phiri la ku Mozambique. Nyengo nazonso zili ndi maina ake: dzinja, masika, cisanu ndi cilimwe. Sizigwirizana ndi primavera, verão, outono ndi inverno za ku Ulaya, ndipo mphunzitsi woziika pa bolodi ziwiri-ziwiri ngati zofanana amasokoneza ana. Masika ndi nthawi ya dowe, maungu ndi kukolola, osati ya kuyoyoka kwa masamba.

Pamenepa bukuli lingagwire nchito imene mlembi wake mwina sanaiganizire. Ana akamva nkhaniyi, afunsidwe kuti mvula ya Couto ndi iti mwa mvula zimene amazidziwa. Siidzapezeka, cifukwa zonsezo zimagwa. Ndiye aipatse dzina okha, m'Cinyanja, ndi kulemba mizere inayi kapena isanu yoipempha kuti itsike. Ena adzati ndi yamanyazi, ena yokwiya, ena youma manja, ndipo aliyense afotokoze cimene caikwiyitsa kapena kuicititsa manyazi kwawo kumene amakhala.