Nkhani zathu za machona zimathera pakhomo la mgodi

Anzanga a m'gululi, sabata ino ndabwera ndi dandaulo. Nkhani ndi ndakatulo za machona tili nazo zambiri ndithu, koma pafupifupi zonse zimayenda njira imodzi. Mnyamata atsanzika, mkazi atsala ndi mwana kumsana, kenako tingoona munthu watulukira ndi sutikesi, njinga ndi wailesi, kapena uthenga wa maliro. Zaka zonse zimene anakhala pansi pa nthaka, wolemba amazilumpha m'ndime imodzi basi.

Kwathu kuno ku Domasi tinakula tikuona agogo ena atakhala pakhonde, akutsokomola mpaka misozi. Anthu ankangoti "anapita ku Wankie amenewo" kapena "ndi a Wenela". Chifuwacho chinayambira kumene ankagwira ntchito, komatu mabuku athu safikako.

Tiyambe ndi Nthondo, buku la Samuel Ntara la mu 1933. Nthondo amachoka pamudzi kukasaka ntchito kutali, koma mtima wa bukuli uli pa khalidwe lake: kulowerera, kubwerera kwawo ndi kutembenuka mtima. Ntara anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, ndipo cholinga chake chinali chimenecho, sitingamudzudzule. Vuto ndi ife obwera pambuyo amene tinangotengera chikombole chomwecho. Kwa ife ulendo wakunja ndi mayeso a khalidwe, ngati kuti chimene chinkapha anthu kumeneko chinali mowa ndi akazi okha.

Tsono taonani Germinal, buku la Émile Zola la mu 1885. Asanalembe, Zola analowa yekha mumgodi wa malasha kudera la Anzin ku France mu 1884. N'chifukwa chake owerengafe timamva kutentha kwake. Timaona amuna akukumba atagona chammbali m'ngalande yopanikiza, mtsikana Catherine akukankha ngolo mpaka kukomoka chifukwa cha mpweya woipa, nyali yake ikuzirala. Timaona nkhalamba Bonnemort ikulavula makhololo akuda, ndi hatchi Bataille yomwe inakalambira pansi osaonanso dzuwa. Pamene anthuwa ayamba sitiraka, wolemba sachita kutiuza chifukwa chake, tadzionera kale tokha.

Wina anena kuti izo ndi za Azungu, ife zikutikhudza pati? Pa 6 June 1972, mgodi wa malasha wa Wankie No. 2, kumene lero kumatchedwa Hwange ku Zimbabwe, unaphulika n'kupha anthu 427. Ena mwa iwo anali Amalawi. Mitembo yambiri sinatulutsidwe. Khomo la Kamandama analitseka ndipo mgodiwo unasanduka manda awo. Mpaka pano anthu amasonkhana kumeneko chaka chilichonse kukumbukira tsikuli.

Wolemba wofuna kugwira nkhani imeneyi ayenera kudziwa mmene mgodi wa malasha umaphera. Malasha amatulutsa mpweya wa methane, wosaoneka, wosanunkha. Ukachuluka, kamoto kakang'ono kamauyatsa. Kuphulikako kumadzutsa fumbi la malasha limene lili pansi ndi m'makoma, fumbilo nalo limayaka, moto n'kuthamanga m'ngalande zonse. Amene apulumuka motowo amafa ndi mpweya wapoizoni wotsalira. N'chifukwa chake mafani akuluakulu opopa mpweya ndiwo moyo wa mgodi, ndipo m'ngalande amawazamo fumbi la miyala kuti la malasha lisayake. Nyali ya Davy ya mu 1815 inali ndi kawaya kotchinga lawi, ndipo maonekedwe a lawilo ankachenjeza za mpweya woopsa. Tangoganizani munthu wochokera ku Malosa kapena ku Songani, amene kwawo mphepo ya m'phiri imangowomba yaulere, kukapezeka malo amene mpweya wopuma ukudalira makina ndi chisamaliro cha bwana. Nkhani ina yoposa imeneyi mukuifuna yotani?

Akatswiri a mbiri anayesetsa mbali yawo. Charles van Onselen analemba Chibaro mu 1976, za antchito akuda m'migodi ya Southern Rhodesia, ndipo Ian Phimister analemba Wangi Kolia, za mgodi wa Wankie womwewu. Koma mabukuwa ali m'Chingerezi, ndipo ntchito yawo ndi kufotokoza ndi kuwerengera. Kutimvetsa fungo la pansipo m'chinenero chimene akufawo ankalotera, imeneyo ndi ntchito yathu.

Ndivomereze, zifukwa za chete ameneyu zilipo. Olemba athu ambiri anali aphunzitsi, sanagwirepo piki ndi fosholo mumgodi. Obwerakonso sankakonda kufotokoza. Mwamuna ankaonetsa jekete ndi nsapato, mantha ake ankabisa. Komanso kuyambira mu 1968 kunali bungwe la boma lounika mabuku, ndipo nkhani ya anthu opita kumigodi inali ya ndale ndi ndalama za boma. Ngakhale ndege itagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi oposa 70 ochokera kumigodi, cholembera chinali cholemera. Koma lero tikuopa ndani?

Ndiye pempho langa ndi ili. Amene mukulemba za machona, lowani naye pansi munthu wanuyo. Tiuzeni wavala chiyani kumutu, nyali yake ikuwala motani, denga likulira bwanji lisanagwe, kapitawo akumuitana dzina lanji. Ngati simukudziwa, funsani. Agogo amene anagwirako ntchitoyi atsala ochepa, ndipo fumbi ndiwe mwini. A ku Rumphi muli ndi mwayi, mgodi wa Mchenga muli nawo pafupi. Ngati pali amene akudziwa buku kapena ndakatulo ya Chichewa imene inalowadi mumgodi, anditchulire, ndidzabweza mawu anga pagulu pomwe pano.