Mpini Wosemedwa Osayeza Dzanja: Kuunika Makina a pa Foni kwa Chikweo

Mmisiri wosema mipini ya makasu sayamba ntchito asanadziwe mwini khasu. Mpini wa mwana sufanana ndi wa munthu wamkulu, ndipo ukamachititsa matuza m'manja mwa aliyense wougwira, palibe amene amanyoza manjawo, chifukwa tonse timadziwa kuti wolakwa ndi wosema. Nzeru yapafupi imeneyi timaiiwala tikafika pa zipangizo zamakono. Munthu akalephera kutumiza ndalama pa foni, timathamangira kunena kuti ndi wosaphunzira, ndipo mwiniwakeyo amavomera mwamanyazi. Mlandu umenewu wagamulidwa mofulumira kwambiri. Tiyeni tiuzengenso, koma ulendo uno woyankha mafunso akhale mpiniwo ndi amene anausema.

Malo oyenera kuyesera makinawa si mu ofesi ya ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Ndi malo ngati kwa Chikweo m'boma la Machinga, kufupi ndi nyanja ya Chiuta ndi malire a dziko la Mozambique. Kumeneko anthu amadalira ulimi, nsomba ndi malonda a pamsika. M'makomo ambiri chiyankhulo cha tsiku ndi tsiku ndi Chiyao, ndipo mabanja ochuluka ali ndi mwana kapena bambo amene ali ku Joni, yemwe amatumiza kangachepe kogulira chimanga, malata kapena kulipirira sukulu. Nthambi za mabanki ndi makina ake otulutsa ndalama zili kutali, ndipo ulendo wopita ndi kubwerera umadya tsiku ndi ndalama. Kwa munthu wa kwa Chikweo, banki yeniyeni ndi foni ya mabatani imene ili m'thumba kapena yomangidwa pa nsonga ya chitenje.

Tiyambe ndi kuyamikira, pakuti woweruza wosaona chabwino sakhulupirika akamatchula choipa. Airtel Money inayamba m'dziko muno mu 2012, ndipo TNM Mpamba inatsatira mu 2013. Makampani onse awiri anasankha njira ya USSD, ija timadina *211# kapena *444#, ndipo mabanki nawonso anaitengera, monga *626# ya National Bank. Kusankha kumeneku kunali kwanzeru. Njirayi sifuna intaneti, sifuna foni yodula, ndipo imagwira ntchito pa kafoni kotchipa kamene batire lake limatha masiku angapo. Mayi wogulitsa mpunga sayendanso ndi mpukutu wa ndalama m'njira yodutsa m'tchire. Zimenezi ndi zazikulu, ndipo palibe wozindikira amene angafune kubwerera m'mbuyo.

Koma chida chikakhala chofunika chotere, zolakwika zake zimapweteka anthu ambiri. Cholakwika choyamba ndi nthawi. USSD imatsekula kanjira pakati pa foni ndi makina a kampani kwa kanthawi kochepa, ndipo munthu akachedwa kuyankha, kanjirako kamatsekeka, zonse n'kuyambiranso pachiyambi. Kuti ndalama ipite, wotumiza ayenera kudutsa makwerero angapo: kusankha nambala pa mndandanda, kulemba nambala ya wolandira ya manambala khumi, kulemba kuchuluka kwa ndalama, kenako nambala yachinsinsi. Wachinyamata wa zala zopepuka amatha zonsezi mosavuta. Nanga gogo amene akuwerenga nambala yolembedwa pa kapepala, maso atayamba kuchita chidima? Iye amathamangitsidwa ndi wotchi imene sakuiona, ndipo kuthamanga kumabala kuphonya. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma makinawa amalanga wodekhayo.

Cholakwika chachiwiri ndi chiyankhulo. Uthenga umodzi wa USSD sungapitirire zilembo 182, choncho olemba mindandanda amafupikitsa mawu, ndipo mawu ambiri amene amawafupikitsawo ndi Achingerezi cha kubanki. Mauthenga otsimikiza kuti ndalama yapita, ndi ena onena kuti zakanika, amadza ndi zilembo ndi manambala ataliatali amene ngakhale womaliza Fomu 4 amayamba waima kaye. Funso loyenera kufunsa ndi lakuti, pa makina onse amene munthu wa kwa Chikweo amakumana nawo, ndi angati amene amamuyankhula m'Chiyao? Komanso tisamafulumire ndi liwu lakuti kusaphunzira. Alipo akuluakulu ambiri m'dera lino amene amawerenga bwinobwino zilembo za Chiarabu zimene anaphunzira ku madrasa, ndipo alipo amayi amene amawerengera phindu la thumba la mpunga pamtima osaphonya ngakhale kwacha imodzi. Nzeru ali nazo. Chimene sanapatsidwe ndi khomo lolowera.

Cholakwika chachitatu ndi mmene makinawa amachitira munthu akalakwitsa. Chida chabwino chimayembekezera kuti munthu adzaphonya, ndipo chimamusiyira njira yobwerera. Kuonetsa dzina la wolandira munthu asanatsimikize ndi chitetezo chabwino, koma chimateteza yekhayo amene angathe kuwerenga dzinalo nthawi isanathe. Ku Kenya, kumene M-Pesa inayamba mu 2007, kampani ya Safaricom inawonjezera njira yotchedwa Hakikisha, imene imaonetsa dzina ndi kupereka kamphindi koti wotumiza aimitse ndalama ngati walakwitsa. Phunziro lake ndi lakuti kuphonya kwa anthu ndi nkhani ya wopanga makina. Ndalama ikalowera kolakwika, munthu wa kumudzi amayamba ulendo wautali woimba mafoni, kumvera mawu ojambulidwa omuuza kuti adine wani kapena thuu, kwinaku batire likutha ndipo kotchajitsa kuli kumsika.

Zotsatira za zolakwika zitatuzi zimaoneka pa kabenchi ka ejenti aliyense. Ejenti anaikidwa kuti azilandira ndi kupereka ndalama, koma wasanduka womasulira. Anthu amamupatsa foni m'manja, ena n'kumuuza ndi nambala yachinsinsi yomwe, kuti awadinire. Ena amadalira mdzukulu kapena mwana wa mnansi. Maejenti ambiri ndi anthu okhulupirika amene amasenza katundu yemwe sanalembedwere, koma chinsinsi chodziwika ndi anthu atatu chaleka kukhala chinsinsi. Mayi wamasiye sangasunge kobiri popanda mudzi kudziwa. Mbava nazonso zinaona mpata umenewu kalekale. Zimatumiza uthenga wonama wofanana ndi wa kampani, kenako n'kuimba foni modandaula kuti zatumiza ndalama molakwika, zibwezeredwe. Chinyengochi chimatheka chifukwa uthenga weniweni ndi wovuta kumva, kotero kuti wabodza susiyana nawo m'maso mwa munthu wamba. Makampani amalengeza pa wailesi kuti tisauze aliyense nambala yachinsinsi. Langizoli ndi loona, koma n'lofanana ndi kuuza munthu kuti asagwire dzanja la mnzake powoloka mtsinje umene sunamangidwe mlatho.

Boma nalo silinapulumuke pa mlanduwu. Mu 2017 bungwe la National Registration Bureau linalemba anthu oposa 9 miliyoni kuti alandire ziphaso za unzika, ntchito yotamandika. Pamene ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP inayamba mu 2020, thumba la feteleza la makilogalamu 50 likugulidwa pa K4,495, chiphasocho chinakhala kiyi. Wogulitsa ankachijambula ndi foni kuti makina atsimikize dzina la mlimi. Cholinga chinali chabwino, kutseka chinyengo cha makuponi. Koma njirayi inkadalira netiweki, ndipo nyuzipepala ndi mawailesi zinadzaza ndi nkhani za alimi ogona pa madepoti, feteleza ali m'nyumba yosungiramo, mvula ikugwa panja. Makina amene amaima netiweki ikangogwa anapangidwa poganizira tauni, pomwe mlimi amene ankayenera kuthandizidwa amakhala kumene netiweki imasowa kawirikawiri.

Katswiri wina wa ku America, Don Norman, anatulutsa buku mu 1988 limene lero limadziwika ndi dzina lakuti The Design of Everyday Things. Mfundo yake yaikulu ndi yomwe ija ya wosema mipini: anthu ambiri akamalakwitsa pa chinthu chimodzimodzi, vuto lili m'kapangidwe ka chinthucho. Koma sitifunika kuwoloka nyanja kuti tipeze umboni, chifukwa zitsanzo zabwino zili pakhomo pompano. Kuyambira mu 2001, bungwe la Baobab Health linaika m'zipatala makompyuta ongokhudza ndi chala, kuyambira pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe. Anawapangira ogwira ntchito amene ambiri anali asanagwirepo kompyuta: mabatani akuluakulu, funso limodzi pa nthawi, ndi kapepala komata m'buku la kuchipatala la wodwala. Chitsanzo china chinabadwira kwa anansi athu a ku Balaka mu 2011. Chipatala cha pa Foni, chimene bungwe la VillageReach linayambitsa pamodzi ndi Unduna wa Zaumoyo, chinalola mayi woyembekezera kuimba nambala yaulere ndi kuyankhula ndi munthu weniweni m'chiyankhulo chimene akumva. Ntchitoyi inafalikira dziko lonse pa nambala ya 54747, ndipo pambuyo pake inaperekedwa m'manja mwa boma. Onsewa anayamba ndi kuyeza dzanja asanaseme mpini.

Ena adzati yankho ndi sukulu, ndipo mbadwo ukubwerawu sudzavutika. Sukulu ndi yofunika ndithu, koma ndalama ya gogo ikubedwa lero, ndipo sangadikire kuti adzukulu akule. Ena adzati mafoni amakono a intaneti adzathetsa zonse. Koma foni yotere imafuna ndalama yogulira, bandulo ndi magetsi, ndipo masamba ambiri a pa intaneti ndi olemera zithunzi, osatseguka msanga pamene netiweki ili yofooka. Kusamutsa mndandanda wovuta kuchoka pa foni ya mabatani kupita pa foni yodula sikuuchititsa kukhala wosavuta.

Zofunika kuchita si zozizwitsa. Kusankha chiyankhulo kuzikhala pa khwerero loyamba penipeni, ndipo Chiyao, Chitumbuka ndi ziyankhulo zina zikhalepo. Kanjira kakatsekeka, munthu azipitiriza pamene anasiyira. Mtengo wotumizira ndi wotapira uzioneka poyera munthu asanatsimikize. Pakhale njira ya mawu yoti wosatha kuwerenga azimva dzina la wolandira ndi kuchuluka kwa ndalama. Makina a boma azitha kugwira ntchito ngakhale netiweki palibe, n'kudzatumiza zolembedwazo ikabwera. Ndipo chida chilichonse chisanatulutsidwe, chiziyesedwa ndi anthu a m'misika ngati ya kwa Chikweo, Nselema ndi Ntaja, opanga ataima pambali, akuona pamene chala chikukayikira. Bungwe la MACRA, limene limayang'anira makampani a mafoni, ndi Reserve Bank of Malawi, imene imayang'anira njira zolipirira, ali ndi mphamvu zofunsa zimenezi popereka ziphaso.

Nafenso tili ndi mbali yathu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Tikamabisa kuvutika kwathu chifukwa cha manyazi, makampani amaona ngati zonse zili bwino, pakuti m'mabuku mwawo ndalama zikuyenda. Mafumu, makomiti a chitukuko a m'midzi ndi makhansala atenge nkhaniyi monga amatengera nkhani ya mjigo wowonongeka kapena mlatho wokokoloka, chifukwa nayonso ndi njira imene anthu amadutsamo tsiku ndi tsiku. Ndipo amene mumathandiza makolo pa foni, muziwalola adine okha nambala yachinsinsi inu mutayang'ana kumbali. Ulemu umenewo ndi wochepa, koma ndi umene makinawa akanayenera kuwapatsa kuyambira pachiyambi.